NJALA YA KU HOLLAND NDI ANA AMENE ANALI M'MIMBA

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'nthawi ya alimi ndi mafumu



Lero tisiya pang'ono za m'munda, tikambe mbiri ya njala imene inagwa m'dziko lina la ku Ulaya m'caka ca 1944. Kapena wina afunsa kuti, "Nanga njala ya Azungu tiri nayo ciani ife?" Yankho lace ndi ili: njala imeneyo inaphunzitsa madotolo cinthu cimene cikhudza mudzi uli wonse kuno kwathu. Anaona kuti mabvuto amene mai akomana nao ali ndi pakati amafikanso kwa mwana ali m'mimba, ndipo nthawi zina amamtsata mwanayo kufikira atamera imvi.

M'MENE NJALA INAYAMBIRA

Holland, limene dzina lace lina ndi Netherlands, ndi dziko laling'ono la madambo okhaokha m'mbali mwa nyanja yamcere. Dziko la Malawi lilikulira pafupi katatu. Alimi ace ndi ochuka poweta ng'ombe za mkaka, polima mbatata ya kacewere ndi maluwa. Njala yao sinadze ndi cilala kapena dzombe iai, inadza ndi nkhondo.

Pa 10 May 1940 asilikari a Hitler analowa m'dzikomo, ndipo patapita masiku 5 linagonja. Mfumukazi Wilhelmina ndi nduna zace anathawira ku London. Majeremani analamulira zaka zinai, cakudya ciri cocita kugawa ndi makadi, koma anthu analikudya ndithu.

M'mwezi wa September 1944, pamene askari athu a K.A.R. anali m'nkhalango za ku Burma, magulu a Angerezi ndi Amereka anafika kum'mwera kwa Holland. Boma lija lokhala ku London linauza anchito a pa njanje kuti aleke nchito, kuti Majeremani asowe ponyamulira asilikari ao. Anthu ngati 30,000 anamvera. Onse anayesa kuti ufulu ufika m'masabata owerengeka, koma nkhondo yolimbirana mlato wa ku Arnhem inakanika. Pobwezera, Majeremani analetsa kutumiza cakudya ku cigawo ca kumadzulo, kumene kuli mizinda yaikuru ya Amsterdam, Rotterdam, The Hague ndi Leiden, ndi anthu ngati 4,500,000. M'November analola kuti ngalawa ziyambenso kunyamula cakudya, koma posacedwa kunadza cisanu coopsa, madzi a m'ngalande anauma gwa ngati mwala, ngalawa zosayenda.

MIYEZI YA NJALA

Madotolo amayesa mphamvu ya cakudya ndi muyeso wochedwa makalori. Munthu wamkuru wogwira nchito afuna makalori oposa 2,000 pa tsiku. Pakutha pa November gawo la munthu mmodzi linatsika kusafika 1,000, ndipo kuyambira December kufikira April linali pakati pa 400 ndi 800. Kunena mwa kwathu, ndiko ngati ufa wodzaza kapu imodzi ya tiyi, popanda ndiwo, kuti munthu adye tsiku lathunthu. Lamulo linati amai apakati azilandira coonjezera, koma njala itafika pacimace coonjezeraco cinasowa.

Anthu anadya zikhawo za maluwa ochedwa tulip, ndi mizu ya shuga imene masiku onse imapita ku fakitale. Akazi anayenda mitunda yaitari pa njinga zopanda matayala, kapena akukankha tingolo, kunka kwa alimi kukasinthitsa nsaru, mphete ndi mbale ndi mbatata pang'ono. Malasha anatha, magetsi anazimitsidwa. Anthu anadula mitengo ya m'miseu, nasonkhezera moto mipando ndi zitseko. Ku Amsterdam mabokosi a maliro anasowa, kotero kuti mitembo inasungidwa m'nyumba ya mapemphero ya Zuiderkerk kudikira kuikidwa.

Pamwamba pa njala panali mantha. Pa 10 ndi 11 November 1944 Majeremani anazinga mzinda wa Rotterdam nagwira amuna ngati 50,000 kunka nao ku nchito ya thangata. Taganizani za mai wa pakati pa miyezi itatu, mwamuna wace atengedwa usiku osadziwa ngati adzabwera, m'nyumba muli zii, ana akulira njala. Njala, cisanu, mantha ndi cisoni zinamgwera pamodzi.

Cithandizo cinayamba ndi ufa wocokera ku Sweden, umene anaphika buledi pakutha pa February 1945. Pa 29 April ndege za Angerezi zinayamba kuponya matumba a cakudya, ndipo pa 5 May Majeremani a m'Holland anagonja. Anthu ngati 20,000 anali atafa, ambiri a iwo amuna acikulire.

CIMENE MABUKU A M'ZIPATALA ANAULULA

Njala zagwa zambiri pa dziko lapansi, zina zoposa iyi kutari. Koma iyi iri ndi cinthu cimodzi capadera. Mwezi umene inayamba udziwika, mwezi umene inatha udziwika, gawo la cakudya la sabata iri yonse linalembedwa, ndipo azamba sanaleke kuika ana pa sikelo ndi kulemba m'mabuku ngakhale iwo omwe anali ndi njala. Conco kunatheka kudziwa za mwana ali yense kuti njala inampeza ali ndi miyezi ingati m'mimba.

Mmodzi wa oyamba kuwerenga mabukuwo anali dotolo wa ana wa ku Amereka, Clement Smith, amene analemba zimene anapeza m'caka ca 1947. Anaona kuti pa nthawi ya njala akazi ambiri analeka kusamba, ndipo patapita miyezi 9 ana obadwa anacepa kwambiri. Ana amene njala inawapeza m'miyezi itatu yotsiriza anabadwa opepuka, kupereweza magalamu 200 kapena 300. Koma amene inawapeza m'miyezi yoyamba, amai ao nadzapeza cakudya pambuyo pace, anabadwa olemera bwino. Anthu anati amenewo apulumuka.

Patapita zaka, nchitoyi anaitenga madotolo awiri a ku South Africa, Zena Stein ndi mwamuna wace Mervyn Susser, amene poyamba anagwira nchito m'cipatala ca anthu akuda ku Alexandra, mu Johannesburg, asanapite ku Britain ndi ku New York. Ku Holland mnyamata ali yense anali kupimidwa polowa usilikari, ndipo iwo anawerenga mapepala a kupimako. Coyamba cimene anapeza, m'caka ca 1972, cinali cotonthoza mtima: anyamata a m'njala sanacepe nzeru poyerekeza ndi anzao. Koma m'caka ca 1976, atawerenga za anyamata 300,000 a zaka 19, anapeza codabwitsa. Aja amene njala inawapeza m'miyezi yoyamba ya mimba, aja anthu anati apulumuka, ndiwo anali onenepa koposa muyeso kawirikawiri kupambana anzao.

Mwana wa madotolo awiriwa, Ezra Susser, anapitiriza. M'zaka za 1992 ndi 1996 iye ndi anzace anaonetsa kuti mwa anthu amene mimba yao inayamba njala iri pacimace, odwala misala ya mtundu wochedwa schizophrenia anacuruka kawiri. Matendawa ndi osowa, agwira munthu ngati mmodzi pa 100, kotero ngakhale atacuruka kawiri ambiri sanadwale. Koma cizindikilo cinaoneka, ndipo m'caka ca 2005 cinaonekanso comweco mwa ana a njala yaikuru ya ku China ya 1959 kufikira 1961.

Ku Amsterdam anapeza mabuku a cipatala ca Wilhelmina Gasthuis, m'mene munalembedwa ana 2,414 obadwa pakati pa November 1943 ndi February 1947. Madotolo, mmodzi wa iwo Tessa Roseboom, anafunafuna anthuwo ali ndi zaka 50 nawapima. Ana a m'njala matupi ao anali kulephera kusungunula shuga bwino, ndico ciyambi ca matenda a shuga. Amene njala inawapeza pakati pa mimba anali ndi mabvuto a impso ndi cifuwa cobanika kuposa anzao. Amene inawapeza m'miyezi yoyamba anadwala mtima kawiri kapena kuposa, ndipo unayamba kuwabvuta msanga.

M'caka ca 2008 anapima magazi a anthu 60 amene mimba yao inayamba m'njala, nayerekeza ndi a abale ao a bere limodzi. M'thupi muli tinthu tonyamula cibadwa, timene madotolo achula majini. Njala sinasinthe majiniwo, koma inasiya zizindikilo pa ena a iwo, zonena kuti ili ligwire nchito kwambiri, ili pang'ono. Zizindikilozo zinali cikhalire patapita zaka ngati 60.

KODI NDI NJALA YOKHA?

Apa mfumu wanzeru afunsa kuti, "Munati amai aja anali ndi njala ndi mantha pamodzi. Nanga cinapweteka ana ndi citi?" Madotolo anafunsa comweco, nafuna malo amene mantha ndi cisoni zinadza popanda njala.

Ku Finland, m'caka ca 1978, Matti Huttunen ndi Pekka Niskanen anayerekeza anthu 167 amene atate ao anafa iwo ali m'mimba, ndi anthu 168 amene atate ao anafa iwo atabadwa kale, asanathe caka. Onsewa anakula amasiye cimodzimodzi. Koma odwala misala anacuruka mwa aja amene amai ao analira maliro ali ndi pakati.

Ku Holland komwe, m'caka ca 1998, anawerenga za ana amene anali m'mimba masiku 5 aja a May 1940, pamene mabomba analikugwa koma cakudya cinalipo. Mwa iwonso matenda a misala anacurukirapo pang'ono.

Ku Quebec, m'dziko la Canada, mu January 1998 kunagwa mvula youma ngati galasi imene inathyola mitengo ya magetsi, ndipo anthu ngati 3,000,000 anakhala mumdima ndi m'cisanu, ena masabata 6. Suzanne King wa ku sukulu yaikuru ya McGill anatsata amai apakati oposa 100 ndi ana ao. Pofika zaka ziwiri, ana a amai amene anasauka kopambana anali kudziwa mau ocepa kuposa anzao. Sanali opunduka iai, anali ana abwinobwino, koma kusiyanako kunayeseka.

Tsono njala iri ndi mlandu wace, ndipo nkhawa iri ndi wace. Zikakomana pa mai mmodzi, bvuto likula.

M'MENE NKHAWA IFIKIRA KWA MWANA

Munthu akaona njoka, mtima ugunda, thukuta lituruka. Cimene cicititsa ndi timadzi tocokera m'tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Tina mwa timadzito dzina lace ndi cortisol. Tithandiza munthu kuthawa kapena kulimbana, ndipo coopsa cikapita ticepa. Koma munthu amene aopa tsiku ndi tsiku, monga mkazi womenyedwa kapena wosadziwa kumene cakudya ca mawa cidzacokera, timadzito tikhala tocuruka nthawi zonse.

Mwana m'mimba adya ndi kupuma kupyolera m'nsengwa ndi mcombo. Nsengwa iri ngati mlonda wa pa cipata: ipha mphamvu ya cortisol wambiri asanafike kwa mwana. Koma mai akakhala ndi njala kapena nkhawa nthawi yaitari, mlondayo afooka, ndipo wambiri apyola. Cortisol wocuruka acedwetsa kukula kwa mwana, akhudza ubongo umene ulikuumbidwa, ndipo akhoza kufulumizitsa kubadwa masiku asanakwane. Kuonjeza apo, mai wa nkhawa sadya bwino, sagona bwino, ndipo acedwa kupita ku sikelo.

Dotolo wina wa ku Southampton, David Barker, anafotokoza za ici m'zaka za m'ma 1980, atawerenga mabuku akale a azamba a ku Hertfordshire naona kuti obadwa opepuka ndiwo anafa ndi mtima kawirikawiri atakula. Ganizo lace linali lakuti mwana m'mimba amva za kunja mwa magazi a amace. Akamva kuti kunja kuli usiwa, thupi lace liumbidwa mosunga: ubongo uyamba kulandira, ziwalo zina zilandira zotsala. Tsono akadzakula napeza cakudya cambiri, thupi lozolowera kusunga lilemedwa. Inu alimi mudziwa kuti cimanga cimene cinafota ciri ndi masamba atatu sicibala ngati cinzace, ngakhale mvula ibwere bwino pambuyo. Akuru anati m'mera mpoyamba.

KWATHU KUNO

Ife njala tiidziwa. M'caka ca 1949 mvula inadula, ndipo boma la Blantyre ndi maiko oyandikana nalo anasauka koopsa. Mai wina wolemba mbiri, Megan Vaughan, anaceza ndi amai a ku Lunzu amene anaiona njalayo, nalemba buku m'caka ca 1987. Cimene amaiwo anakumbuka kwambiri ndi amuna amene anacoka kuti akafune cakudya kwao, osabweranso, kusiya akazi ndi ana. Inadzanso ina m'caka ca 2002. Ana amene anali m'mimba zaka zimenezo ali pakati pathu.

Ndiponso tiri ndi kanjala ka caka ndi caka, kuyambira December kufikira March, pamene nkhokwe yapepuka, nchito ya kupalira ndi kubandira yacuruka, malungo nao afika. Ku Gambia, kumadzulo kwa Afrika, alimi ali ndi nyengo yotere, ndipo ana obadwa m'nyengoyo amapepuka. Madotolo Sana Ceesay ndi Andrew Prentice anayesa cinthu capafupi m'midzi 28. Anapatsa amai apakati mabisiketi a mtedza, ufa wa mpunga, shuga ndi mafuta a mtedza tsiku ndi tsiku, kuyambira pakati pa mimba. Zotsatira zace zinaturuka m'caka ca 1997: ana analemererapo magalamu 136, ndipo m'nyengo ya njala magalamu 201. Ana obadwa akufa ndi akufa m'sabata yoyamba anacepa pafupi ndi theka. Mankhwala ace anali mtedza, umene ife tilima tokha.

Makolo athu sanadziwe za cortisol, koma anadziwa kuti mkazi wa mimba yoyamba sayenera kukhala yekha ndi mantha ace. Cifukwa cace anamkungwi anali kumlanga pa cisamba, namuuza zimene zirinkudza, nauzanso mwamuna za udindo wace. Mwambo wozinga mai wapakati ndi anthu omsamala ndi wofunika kuusunga.

MAU KWA MAFUMU NDI ALIMI

Coyamba, cakudya. Pokolola, patulani mtedza, nyemba, soya ndi nandolo za mai woyembekezera musanagulitse. Adye kamodzi koonjezera pa tsiku. Usipa, matemba, masamba ndi mazira ndi zabwino kwa iye. Mazira sapweteka mwana. Kumbukirani kuti miyezi yoyamba, pamene mimba siinaoneke ndipo mwini sananene, ndiyo inasiya cipsera cacikuru ku Holland. Conco mtengwa ali yense adye bwino, osadikira kuti mimba ionekere.

Caciwiri, nchito. Kutunga madzi, kusenza nkhuni, kusinja ndi kupalira zisamgwere yekha. Ngati mwamuna palibe, mfumu iitanitse dima pa munda wace.

Cacitatu, mtendere m'nyumba. Mwamuna womenya mkazi wapakati amenya anthu awiri. Ankhoswe asamangoti "pirira, ndiwo ukwati". Mfumu ikamva za nkhanza iitane mwamunayo msanga, ndipo idziwe kuti kuyambira 2006 dziko la Malawi liri ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja. Mlandu wa munda kapena wa ngongole wokhudza mai wapakati uweruzidwe msanga, usagone miyezi.

Cacinai, inu amene muli ku Joni, ku esiteti kapena m'tauni: tumizani ndarama, tumizaninso mau. Kusadziwa ngati mwamuna adzabwera ndi katundu wolemera kuposa mtolo wa nkhuni.

Cacisanu, maliro kapena tsoka likagwera mai wapakati, moto ukatentha nyumba, madzi akakokolola munda, ayambe kuthandizidwa ndi iye. Amai anzace asamsiye yekha maliro atatha.

Cacisanu ndi cimodzi, sikelo. Apite m'miyezi itatu yoyamba, ndipo mwamuna amperekeze. Kuyambira 2016 bungwe la World Health Organization lilangiza kuti mai aonedwe kasanu ndi katatu asanacire. Kumeneko alandira mankhwala oonjeza magazi, ochinjiriza malungo, ndi neti. Ngati akhala wacisoni masabata awiri kapena kuposa, osagona, osafuna kudya, osakondwa ndi kanthu, auze anamwino. Amenewo ndi matenda monga ena onse, ndipo ali ndi cithandizo.

Potsiriza, mau awiri kwa amai. Nkhawa zazing'ono za masiku onse sizipweteka mwana. Cimene tanena ndi kusauka kwakukuru kokhalitsa. Ndipo ngati munasauka muli ndi pakati, musadziimbe mlandu. Amai a ku Holland sanaitane nkhondo, ndipo ana ao ambiri anakula, anaphunzira, anabala ana nafika ku ukalamba. Mwana akabadwa nchito ikalipo: bere lokha miyezi 6, phala la mtedza pambuyo pace, katemera, kumnyamula ndi kuceza naye. Zimenezi zibweza zambiri.

Mafumu, mudziwa nkhokwe ziri m'mudzi mwanu, mudziwa ndi ng'ombe zomwe. Sabata ino tumani amai aakuru akuuzeni nyumba zimene muli oyembekezera, ndi amene mwa iwo alibe womthandiza dzinja lino.

Tsalani bwino, tidzakumananso sabata ya mawa nthawi yomwe ino.